MKANGANO WA MAENJE A PA MWEZI

Palibe mtundu wa anthu umene unalibe nthano yace ya mwezi. Anyanja akale anati mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wace wa kum'mawa, dzina lace Cekecani, ngwouma manja, ndipo mwamunayo akakhala kwa iye aonda tsiku ndi tsiku kufikira atatsala pang'ono kufa. Pamenepo athawira kumadzulo kwa Puikani, mkazi wodziwa kuphika, amene amdyetsa kufikira atanenepanso. Nthanoyi si yacabe, pakuti eni ace anapenyetsa kumwamba. Mwezi woonda uonekadi kum'mawa mbandakuca, kumene kutulukira nthanda, ndipo mwezi wongokhala kumene uoneka kumadzulo, kumene kuwalira nyenyezi yaikulu ya madzulo. Cimene makolowo sanacidziwe ndi cakuti akazi awiriwo ndiye mmodzi yemweyo, dziko lija alicha Venus. Ndiponso nthanoyo inangofotokoza za kuonda ndi kunenepa, osanena kuti thupi la mwezi n'lotani, kapena kuti mabala akuda a pa nkhope pace anadza bwanji. Mafunso awa anasautsa anthu anzeru zaka zoposa 2,000, ndipo limodzi la iwo, la maenje a pa mwezi, linautsa mkangano umene unatha zaka 300, nudya cuma ca munthu wina, nulekeka pokhapokha anthu atakaponda pa mwezipo ndi mapazi ao.

Poyamba kuyenera kuchula zimene zidziwika tsopano popanda kukaika. Mwezi ndi mpira wa thanthwe wopanda kuwala kwace kwace. Kuwala kumene uonetsa n'kobwereka ku dzuwa, monga khoma lopakidwa njereza liwala usiku nyali ikaliloza. Uli pa mtunda wa makilomita 384,400 kucokera pa dziko lapansi, kuwerenga mwapakati, pakuti nthawi zina uyandikira, nthawi zina utalikira. Kupingasa kwace ndi makilomita 3,474, ndipo nthaka yace yonse ikadayalidwa ngati mphasa ikadaposa Africa koma ikadacepera Asia. Mphamvu yace yokoka zinthu njofooka, kotero kuti thumba la cimanga la makilogalamu 90 likadapepuka kumeneko monga la makilogalamu 15. Kulibe mpweya wopuma, kulibe mphepo, kulibe mvula. Usana umodzi utha masabata awiri, thanthwe nilitentha kuposa madzi owira, ndipo usiku, umene nawonso utha masabata awiri, kuzizira kutsika madigiri oposa 130 pansi pa pamene madzi aundana.

Mwezi uzungulira dziko m'masiku 27 ndi maora 8, koma kucokera pa kukhala kwace kufikira pa kukhalanso apita masiku 29 ndi theka, cifukwa dziko nalonso liri pa ulendo wace wozungulira dzuwa. Theka la mwezi liwalidwa ndi dzuwa nthawi zonse, ndipo cimene cisintha ndi kukula kwa gawo la theka lowalalo limene liloza kuno. Popeza upotoloka kamodzi pa nthawi yomweyo imene uzungulira dziko kamodzi, uonetsa nkhope imodzi yokhayokha, monga wobvina amene azungulira ng'oma osaifulatira. Ukapita pakati penipeni pa dzuwa ndi dziko kugwa kadamsana, koma zimenezi sizicitika mwezi uli wonse cifukwa njira yace njopendekeka madigiri 5. Mayendedwe awa ngosaphonya, kotero kuti akatswiri awerengera kadamsana wa m'tsogolo ndi wa m'mbuyo yemwe. Angoni anasunga mbiri yakuti tsiku limene Zwangendaba anaolotsa anthu ace pa Zambezi, pafupi ndi mathiriro a Luangwa, dzuwa linada usana. Powerengera m'mbuyo kunapezeka kuti kadamsanayo anagwa m'November 1835, ndipo motero mwezi ndiwo unapatsa Angoni caka ca kuoloka kwao.

Mmodzi wa anthu oyamba kunena poyera kuti mwezi ndi nthaka wamba ndiye Anaxagoras, amene anakhala mu Athens zaka 450 Kristu asanabadwe. Iye anaphunzitsa kuti dzuwa ndi mwala woyaka moto, ndi kuti mwezi uli ndi zigwa ndi zitunda, nulandira kuwala kwace ku dzuwa. Anthu a m'mudziwo, amene anayesa dzuwa ndi mwezi milungu, anamzenga mlandu wamwano, ndipo iye anacoka nakafera ku Lampsacus. Pambuyo pace anabuka Aristotle, amene anati zakumwamba zonse nzangwiro, zosalala ndi zosasinthika, zopangidwa ndi cinthu cina cosapezeka pansi pano. Ciphunzitso cimeneci cinalamulira masukulu a ku Ulaya zaka pafupifupi 2,000. Si kuti anthu a nthawi zimenezo anali ogona: Hipparchus, poyang'anira makadamsana zaka zoposa 100 Kristu asanabadwe, anapeza mtunda wa ku mwezi wosasiyana kwambiri ndi umene udziwika lero, ndiwo maiko 30 onga lino atandandalikidwa. Koma za nkhope ya mwezi maso okha sakadatha kuweruza.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1609, pamene cipangizo ca magalasi coonera zakutali, cochedwa telesikopu, cinayamba kufala. Thomas Harriot wa ku England ndiye anayamba kujambula mwezi ndi cipangizoci pa 26 July caka cimeneco, koma sanafalitse zimene anaona. Kumapeto kwa caka comweco Galileo Galilei, mphunzitsi wa masamu ku Padua, analoza ku mwezi telesikopu yopanga yekha, yokuza zinthu nthawi 20. Iye sanayang'ane mwezi wathunthu wokha, umene uthobwa m'maso nubisa zonse, koma anayang'anitsa malire a kuwala ndi mdima pa mwezi wa theka. Malirewo anali okhotakhota, ndipo m'kati mwa mdima munali timadontho towala, timene tinakula pang'ono pang'ono kufikira titalumikizana ndi mbali yowala. Munthu ali yense wokhala patsinde pa phiri adziwa tanthauzo lace: mamawa nsonga ya phiri ilandira dzuwa m'dambo mukali mdima. Galileo anapima kutalika kwa timadonthoto kucokera pa malire, nawerengera kuti mapiri ena a pa mwezi apitirira makilomita 6 msinkhu wace. Anasindikiza zimenezi m'March 1610 m'kabuku kochedwa Sidereus Nuncius, ndipo mwezi wosalala wa Aristotle unayamba kutha pamenepo.

Otsatira ace analemba mapu. Maina ambiri amene agwira nchito kufikira lero anachokera kwa Giovanni Riccioli, wansembe wa ku Bologna, m'caka ca 1651. Mabala akuda anawacha nyanja, angakhale mulibe dontho la madzi, nawapatsa maina a nyengo: Mare Tranquillitatis, ndiyo Nyanja ya Bata; Mare Imbrium, Nyanja ya Mvula; Oceanus Procellarum, Nyanja ya Namondwe. Maenje anawacha maina a akatswiri a nyenyezi, monga Tycho ndi Copernicus. Maenjewo ndiwo anadabwitsa onse. Analipo osawerengeka, ozungulira ngati mkombero wa nkhokwe, okhala ndi mpanda wa mapiri m'mbali mwace, ena ndi kaphiri pakati. Dzenje la Copernicus lokha n'lotambalala makilomita 93. Nanga anakumba maenje otere ndani?

Robert Hooke wa ku London anayesa kuyankha ndi manja ace. M'buku lace la 1665 anasimba kuti anasakaniza dongo loyera ndi madzi, nagwetsamo zipolopolo, ndipo munatsala maenje ofanana ndi a pa mwezi. Anawiritsanso ufa wa mwala wofewa mu mphika, ndipo thobvu pophulika linasiya maenje a mtundu womwewo. Motero njira ziwiri zinali patsogolo pace: kapena maenje anakumbidwa ndi zinthu zogwa kucokera kunja, kapena ndi moto wotuluka m'kati. Hooke anasankha moto, ndipo cifukwa cace cinali comveka pa nthawiyo. Anthu ophunzira anakhulupirira kuti pakati pa maiko a kuthambo palibe kanthu, tsono miyala yogwayo ikadacokera kuti? Nkhani za miyala yogwa kumwamba anaziyesa nthabwala za anthu a kumidzi.

Kunena zoona, anthu a kumidziwo ndiwo analondola. M'caka ca 1794 Ernst Chladni wa ku Germany analemba kuti miyala ndi zitsulo zimagwadi kucokera kuthambo, ndipo anasekedwa. Koma pa 26 April 1803 miyala pafupifupi 3,000 inagwa usana pa mudzi wa L'Aigle ku France, anthu ambiri akuona, ndipo katswiri wotumidwa kukafufuza, Jean-Baptiste Biot, anabwera nabvomereza. Zaka ziwiri m'mbuyo mwace kunali kutapezeka Ceres, woyamba wa timaiko tating'ono tambirimbiri toyenda pakati pa Mars ndi Jupiter. Funso la Hooke linali litayankhidwa, koma maganizo a mapiri a moto anali atazika kale mizu. William Herschel, katswiri womveka koposa wa nthawiyo, anali atalengeza mu 1787 kuti waona mapiri atatu akuyaka pa mbali yamdima ya mwezi. Mnzace wa maganizo a miyala anapezeka woipa: Franz von Gruithuisen wa ku Munich ananenadi kuti maenje anakumbidwa ndi zogwa, koma munthu yemweyo anali atanena mu 1824 kuti waona mzinda wa malinga pa mwezi, ndipo mau ace onse anapepuka. Mu 1874 James Nasmyth ndi James Carpenter anatulutsa buku la zithunzi zokongola lofotokoza kuti dzenje liri lonse linali kasupe wa moto, woponya phulusa kutali mozungulira kufikira litaunjikana ngati mpanda. Ophunzira ambiri anakhuta nalo yankho limenelo.

A gulu la moto anali ndi mtsutso umodzi wamphamvu. Mwana ali yense woponya mwala m'matope adziwa kuti mwala wogwa cogona usiya dzenje lalitali, ndipo lozungulira lisiyidwa ndi mwala wogwa coimirira wokha. Miyala ya kuthambo iyenera kufika kucokera ku mbali zonse, yambiri mopendekeka. Nanga bwanji maenje a pa mwezi, pafupifupi onse, ngozungulira?

Munthu amene analimbana ndi funsoli mwakhama ndiye Grove Karl Gilbert, mkulu wa akatswiri a miyala a boma la America. Mu 1892 anayang'ana mwezi usiku 18 ndi telesikopu yaikulu ya ku Washington, ndi maso a munthu wozolowera mapiri a moto enieni. Anaona kuti kamwa la phiri la moto likhala pamwamba pa phiri, koma pansi pa dzenje la pa mwezi pali potsika kuposa cigwa colizinga. Anaonanso mikwasa yaitali yoloza konse ku Nyanja ya Mvula, monga ngati cinthu cacikulu cinagwa pamenepo nicimwaza zibenthu mbali zonse. Anatsimikiza kuti maenje ngwa miyala yogwa. Za kuzungulira kwace anangoganiza kuti kale dziko linali ndi timiyezi tambiri toyenda pamodzi ndi mwezi, timene tinagwa coimirira, ndipo yankho limeneli silinakhutitse anthu.

Codabwitsa ndi cakuti Gilbert yemweyo ndiye anacedwetsa coonadi ndi zaka zambiri. Ku cipululu ca Arizona kuli dzenje lotambalala makilomita 1.2, lakuya mamita 170, ndipo pozungulira pace panali mbwee zibenthu za citsulo ca kuthambo. Gilbert anapitako mu 1891. Anaganiza kuti ngati linakumbidwa ndi citsulo cacikulu, citsuloco ciyenera kukhala cokwiririka pansi, ndipo singano ya kampasi iyenera kupatuka pofika pamenepo. Singano sinapatuke. Popeza anali munthu woona mtima, wosafuna kukakamiza umboni kuti ugwirizane ndi zofuna zace, analengeza kuti dzenjelo linaphulitsidwa ndi nthunzi ya pansi pa nthaka, ndipo anzace anamkhulupirira cifukwa ca ulemu wace.

Daniel Barringer, mwini migodi wa ku Philadelphia, sanakhulupirire. Iye anati citsuloco cilipo ndithu, colemera matani mamiliyoni, ndipo adzacikumba nadzalemera naco. Anatenga malowo mu 1903, nayamba kuboola. Anaboola pakati pa dzenje osapeza kanthu. Anasamukira ku mpanda wa kumwera, naboola kupitirira mamita 400 kufikira citsulo coboolera citakanirira pansi. Anakumba mgodi, madzi nausefukira. Zaka 26 zinapita motero, pamodzi ndi ndalama zoposa madola 600,000, zace ndi za anzace. Mu 1929 anzacewo anapempha katswiri wa masamu, Forest Moulton, kuti awerengere kukula kwa citsuloco, ndipo iye anayankha kuti cinali cacing'ono kuposa m'mene anayembekezera, ndi kuti cambiri cinasanduka nthunzi pa kugunda pomwepo. Nchito inaima, ndipo Barringer anafa ndi nthenda ya mtima m'November caka comweco. Za ciyambi ca dzenje iye analondola, Gilbert nalakwa. Koma cuma cimene anacifunafuna cinali citauluka zaka 50,000 iye asanabadwe.

M'tsoka la Barringer munali yankho la funso lija la kuzungulira. Ernst Öpik wa ku Estonia mu 1916, ndi Algernon Gifford wa ku New Zealand mu 1924, anali atalifotokoza kale, koma owamvera anali owerengeka. Cipolopolo ca mfuti ciyenda pafupifupi kilomita imodzi pa sekondi, pamene mwala wa kuthambo ufika pa mwezi uli pa liwiro la makilomita ngati 20 pa sekondi. Cinthu cothamanga cotero cikaimitsidwa mwadzidzidzi, mphamvu yace yonse isanduka kutentha ndi kufinya pa kamphindi, ndipo ciphulika monga wonga. Dzenje silikumbidwa ndi kulowa kwa mwala, koma ndi kuphulikako, kumene kukankha mbali zonse molingana. Cifukwa cace dzenje lituluka lozungulira, lalikulu kuposa mwalawo nthawi 10 kapena 20, ndipo mwini wace sapezeka. Matope a mwana uja ananamiza akatswiri cifukwa dzanja la munthu liribe liwiro lokwanira.

Nkhondo ndiyo inaphunzitsa anthu maonekedwe a maenje a kuphulika. Ralph Baldwin wa ku Michigan anasonkhanitsa miyeso ya maenje a mabomba a nkhondo yaciwiri, ang'ono ndi akulu, nayerekeza kuya kwace ndi kutambalala kwace. Ataika pa pepala limodzi maenje a mabomba, maenje a miyala yogwa pa dziko ndi maenje a pa mwezi, onse anagwera pa mzere umodzi wosaduka. Buku lace linatuluka mu 1949. Pambuyo pace mnyamata wina, Eugene Shoemaker, anatumidwa kukapima maenje a mabomba a atomu ku Nevada, ndipo atapita ku dzenje la Barringer anapeza zomwezo: miyala ya pansi itatembenuzidwa ndi kugonekedwa pamwamba pa ya pamwamba, monga khasu litembenuza cibuma. Mu 1960 iye ndi Edward Chao anapezamo coesite, ndiwo mcenga wofinyidwa ndi mphamvu imene phiri la moto silingaifikire. Anaupezanso ku Ries, cigwa cozungulira ca ku Germany cimene onse anaciyesa ca moto, kumene chalichi ca mudzi wa Nördlingen cinamangidwa ndi miyala yobadwa pa kugundako. Angakhale zinali tero, akatswiri ena omveka anakanabe kufikira zaka za m'ma 1960.

Pa nthawiyo Russia ndi America anali pa mpikisano wa ku mwezi. Pa 7 October 1959 combo ca Russia, Luna 3, cinajambula kumbuyo kwa mwezi kumene munthu anali asanaonepo, ndipo kunapezeka kuti nyanja zakuda kumeneko nzowerengeka. Mu 1964 combo ca America, Ranger 7, cinatumiza zithunzi zoposa 4,000 cisanadziphwanye, zoonetsa maenje m'kati mwa maenje, kufikira ang'ono onga a mbuna. Panali mantha akuti nyanjazo zadzala pfumbi lakuya lomeza combo, monga anacenjezera Thomas Gold, koma Luna 9 inatera bwino pa 3 February 1966 osamira. Ndipo pa 20 July 1969 Neil Armstrong ndi Edwin Aldrin a combo ca Apollo 11 anatera m'Nyanja ya Bata, nabwera ndi miyala ndi dothi makilogalamu 21 ndi theka.

Miyala imeneyo inagawira mbali zonse ziwiri kanthu. Ena a gulu la miyala yogwa, monga Harold Urey, anali atapitirira muyeso ndi kunena kuti mwezi unakhala wozizira m'kati ciyambire. Koma thanthwe la m'Nyanja ya Bata linapezeka kuti ndi basalt, ciphalaphala ca moto couma, mtundu womwewo wa thanthwe lakuda limene Zambezi agwerapo pa Mosi-oa-Tunya ndi kulidula m'makwawa a Batoka. Kusiyana kwace n'kwa zaka: la ku Batoka liri ndi zaka mamiliyoni 180, la pa mwezi zoposa mamiliyoni 3,600. Tsono nyanja za Riccioli zinali nyanjadi, koma za moto. Dothi lace linali la mtundu wina: pfumbi la miyala yoperedwa, losakanizika ndi timikanda ta galasi, ndipo pa timikandato panali timaenje tosaoneka ndi maso, tokumbidwa ndi tinthu tocepa kuposa mcenga. Kugunda kwa zaka zosawerengeka ndiko kunapera nthaka imeneyo.

Mlandu unatha ndi Apollo 16 m'April 1972. Akatswiri anasankha dala malo a kumapiri ochedwa Descartes, cifukwa pa zithunzi anaoneka ngati a mapiri a moto, ndipo John Young ndi Charles Duke anaphunzitsidwa kufunafuna miyala ya ciphalaphala. Atatsika, pafupifupi mwala uli wonse umene anatola unali wa zibenthu zophwanyika ndi kumatidwanso pamodzi ndi kutentha kwa kugunda, monga miyala m'konkire. Anauza a pansi zimene anali kuona, angakhale sizinali zimene anawatuma. Ofufuza atapima miyalayo anabvomera kuti analakwa, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri owerengeka okha ndiwo anaimiranso maganizo akuti maenje akulu a pa mwezi ngwa moto. M'December caka comweco Harrison Schmitt, katswiri wa miyala yekhayo pakati pa anthu 12 amene anayenda pa mwezi, anapeza dothi lofiirira, limene linali timikanda ta galasi toponyedwa ndi kasupe wa moto zaka mamiliyoni 3,600 zapitazo. Akasupe a Nasmyth analipodi, koma sindiwo anamanga mipanda ya maenje.

Maulendo 6 a Apollo anabweretsa miyala makilogalamu 382, ndipo zombo zitatu za Russia zopanda anthu zinaonjezapo magalamu ngati 300. Mbiri imene inawerengedwa m'miyalayi ndi iyi. Mwezi unabadwa zaka mamiliyoni ngati 4,500 zapitazo, ndipo poyamba kunja kwace konse kunali thanthwe losungunuka. Pozizira, miyala yoyera yopepuka inayandama monga mafuta pa msuzi, niuma. Imeneyo ndiyo mapiri owala a lero. Kenaka kunagwa miyala yaikulu yokumba mabeseni. La Nyanja ya Mvula, lotambalala makilomita oposa 1,100, linakumbidwa zaka mamiliyoni 3,900 zapitazo, monga anaganizira Gilbert. Patapita nthawi ciphalaphala cinakwera m'ming'alu nicidzaza mabeseniwo, makamaka ku mbali yoloza kuno, kumene khungu la mwezi n'lopyapyala. Cifukwa cace nyanja ziri ndi maenje ocepa kuposa mapiri: nzazing'ono pa kubadwa, ndipo zagundidwa nthawi yocepa. Kuwerenga maenje tsopano ndiyo njira yodziwira zaka za nthaka ya Mars ndi maiko ena kumene sikunatengedwe mwala. Mu 2020 combo ca China, Chang'e 5, cinabweretsa basalt wa zaka mamiliyoni 2,000 zokha, kusonyeza kuti moto wa m'kati unacedwa kuzima, ndipo mu 2024 Chang'e 6 inabweretsa dothi loyamba la kumbuyo kwa mwezi.

Ngakhale kubadwa kwa mwezi kunalowa m'nkhani yomweyo. George Darwin, mwana wa Charles Darwin, anaganiza kuti mwezi unathothoka ku dziko pamene linali kupota mofulumira. Ena anati unacokera kwina nugwidwa. Ena anati unakula pamodzi ndi dziko ngati mapasa. Miyala ya Apollo sinagwirizane bwino ndi ganizo liri lonse la atatuwa, pakuti ifanana kwambiri ndi miyala ya kunja kwa dziko, koma njouma, ndipo mwezi uli ndi citsulo cocepa pakati pace. Mu 1975 William Hartmann ndi Donald Davis anati dziko likali laling'ono linagundidwa ndi dziko lina, ndipo zibenthu zoponyedwa kuthambo zinaundana kukhala mwezi. Pa msonkhano wa ku Kona, m'zisumbu za Hawaii, mu 1984, akatswiri ambiri anatsamira ku ganizo limeneli, ndipo ndilo liri patsogolo kufikira lero. Cimene capimidwa ndithu ndi cakuti mwezi uli kutalikira: magalasi amene a Apollo anasiya kumeneko abweza kuwala kotumizidwa kucokera pansi, ndipo asonyeza kuti mtunda uonjezeka masentimita 3.8 caka ciri conse, monga zikhadabo zikulira.

Miyala imene inagunda mwezi sinalambalale dziko, limene n'lalikulu ndi lokoka koposa. Kuno mvula, mitsinje ndi kuyenda kwa nthaka zafafaniza zipsera zambiri, komabe zapezeka pafupifupi 200. Ca ku Vredefort mu South Africa, cimene kale anaciyesa ca moto, ciri ndi zaka zoposa mamiliyoni 2,000. Nyanja ya Bosumtwi ku Ghana iri m'dzenje lotere. Ndipo ku Chicxulub mu Mexico kuli dzenje lokwiririka la mwala umene unagwa zaka mamiliyoni 66 zapitazo, pa nthawi imene zinyama zazikulu zochedwa dinosaur zinatha. M'July 1994 anthu anaona ndi maso ao zibenthu za nyenyezi ya mcira zikugunda Jupiter ndi kusiya mabala akulu onga dziko lino. Nyenyeziyo anaipeza caka ca m'mbuyo mwace Eugene Shoemaker yemwe uja, mkazi wace Carolyn, ndi David Levy.

Shoemaker anafunitsa kupita ku mwezi iye mwini, koma nthenda imene inapezeka m'thupi mwace mu 1963 inamletsa, ndipo anangophunzitsa amene anapitawo kuwerenga miyala. Anafa pa ngozi ya galimoto m'cipululu ca Australia m'July 1997, ali pa ulendo wokaona maenje. Pang'ono pa phulusa la mtembo wace panaikidwa m'combo cochedwa Lunar Prospector. Comboco citatha nchito yace, pa 31 July 1999 anacigwetsa dala m'dzenje la kumwera kwenikweni kwa mwezi, kumene dzuwa silifika pansi pace, kuti aone ngati mudzatuluka nthunzi ya madzi. Tsiku limenelo madzi sanaoneke. Anaoneka mu 2009, pamene combo cina cinagwetsedwa m'dzenje la Cabeus nicifukula madzi oundana osakanizika ndi pfumbi. Dzenje limene munagwera Lunar Prospector analicha Shoemaker.